Nthawi Yakale

Chipale chaunjikana pazenera kuno ku Minneapolis.
Ndapachika mapu, ndalemba pabolodi:
Aroma anamanga misewu. Ngamila zinasenza mchere.
Mneni aliyense ndamuika kamchira ka Chingerezi
kosonyeza kuti zinatha kalekale.

Hodan akuwerenga ndi chala,
lilime lapunthwa pa Konstantinopo,
kalasi yonse kuseka, nayenso kuseka.
Yeison akufunsa ngati Afarao ankalipira lendi.

Ndati, lembani ziganizo zitatu
za mzinda umene unagwa.

Paw Htoo walemba chimodzi chokha,
zilembo zopendekera ngati mpunga pamphepo:
Mudzi wathu ukupsa.

Ndavundukula cholembera chofiira
kuti ndikonze mneniyo.
Wandiyang'ana, osaphethira.

Belu lalira, mipando gwedegwede.
Inki yaumira pansonga.
Chiganizo chija chikufukabe.