Telala wa ku Limbe Ayankha Wophunzira Wake

Ukundifunsa, Tiyanjane, waya wa foni uli kukhutu,
kuti ndinamuonanji mkulu uja
wa mawu osasa ngati sowo m'bulugamu wouma,
banjo yake ya chigubu cha mafuta, nsambo zitatu,
yachinayi inaduka chaka cha njala
ndipo sanaibwezerenso.

Khala apo. Sendeza nsaluyo, ndi ya ukwati wa eni.

Elifala Nampinga sankaimba za nyenyezi.
Ankaimba mtengo wa makala ku Mbayani,
ankaimba miyendo yotsika Ndirande kusanache
kuthamangira geti la fakitale ku Makata,
aliyense kambatata m'nyuzi kukhwapa.
Bambo ako, akadali mnyamata, anali m'miyendo imeneyo.
Dzina sanawatchule,
koma atamva pa wailesi anatula kapu pansi
nati: uyu wandiona.

Masiku amenewo makoma anali ndi makutu,
usanatsokomole unkayamba wacheuka.
Iye anangoimba za galu wa kumayadi
wodyera m'mbale ya dongo loyera,
wouwa yemwe anamulera ali kagalu.
Apolisi anaivina nyimboyo m'bala ku Bangwe
mpaka nsapato kutuwa,
ife tikusekera m'manja.
Akanamumanga bwanji? Mlandu wa galu?

Mawu ake anali msoko wa m'kati.
Kunja suona ulusi,
koma koka, uone ngati ung'ambike.
Ena amafuna mavesi khumi kuti ulire.
Iye anaika mayi pakhomo la wodi ku Gulupu
nam'patsa mzere umodzi wokha:
ndabwera ndi phala, pabedi ayalapo wina.
Basi. Banjo n'kumangodziyankhula yokha.
Ndinali kusoka kolala tsiku limenelo,
singano inandilowa chala, sindinamve.

Usaganize kuti ndimamukonda chifukwa anandikomera mtima.
Anabwera pakhonde pompano ndi mayadi atatu a nsalu yamizere,
akufuna malaya a manja aatali.
Ndinam'sokera a manja aafupi.
Ndinati nsalu yachepa, achimwene, nsalu za masiku ano.
Anangoti zikomo, nalipira, napita.
Mwezi usanathe Limbe yense akuimba:
telala wa pakhonde, telala iwe,
mkono wa malaya anga wavala mwana wako.
Mwanayo ndi Gilibati yemweyu
woyendetsa minibasi ya ku Chirimba.
Kabudula wake analidi wamizere.

Sabata ziwiri ndinabisala kuseri kwa makina.
Mkazi wanga ankaiimba akutsuka mbale,
dala, mokweza.
Koma tamvera vesi lomaliza, anthu amaliiwala:
musamutukwane telala,
lendi ya khonde yakwera, mwana anali maliseche.
Wandivula, kenaka wandifunditsa.
Ndani wina amatero?

Anafera ku Chilobwe m'nyumba ya lendi,
ngongole ya pagolosale isanathe.
Banjo sindidziwa anatenga ndani.
Kumanda tinaimba za m'buku monga mwa mwambo,
abusa ananena zawo,
koma pobwerera, phiri la Soche lili kumsana,
mayi wina wogulitsa tomato anayambitsa ya galu ija
chapansipansi,
ndipo msewu wonse unalandira,
ngakhale abusa milomo inkagwedera.

Tafufuza m'foni mwakomo ngati alimo.
Mulibe?
Kaseti yanga inadyedwa ndi wailesi chaka chatha,
ndinailumikiza ndi utoto wa zikhadabo, inadukanso.
Chabwino. Ndilowetsere ulusi m'singanomu,
maso anapita awa.
Ndikuimbira ndekha ya phala ija,
ndiiwononga, ndikudziwa,
koma mawuwo ngolimba,
apirira ndi pakamwa pa telala.