Mphindi Khumi Zilizonse

Kuno ku Arbroath, nyengo yachisanu,
dzuwa limadzuka mochedwa kuposa ana.
Ndimatsegula geti kunja kukadali bii,
n'kuwaza mchere pamasitepe
kuti madzi oundana asaterereke naye mayi
wa khanda m'manja, chikwama kumsana.

Ntchito yanga yambiri palibe amaiona.
Ndimakwawa ngati mwana wosayamba kuyenda
kuti ndione dziko mmene iye amalionera:
batani lothothoka pansi pa mpando,
kabatire konyezimira ngati siwiti,
chingwe cha katani chimene chatsika kuposa dzulo.
Mawondo angawa aizolowera kapeti iyi
kuposa mmene anazolowerera tchalitchi.

Mphesa ndimaing'amba m'litali, n'kuing'ambanso,
pakuti kummero kwa mwana
n'kongokwana mphesa imodzi basi.
Mkaka ndimayamba ndaudonthezera pamkono panga.
Pakhoma la kukhitchini pali chithunzi cha Struan Ogilvie,
zaka zitatu, kamwa lonse mwee,
pansi pake zilembo zofiira: MTEDZA AYI.
Jakisoni wake ali m'kabati yam'mwamba,
ndipo tsiku lake lothera mphamvu ndinaliloweza
ngati tsiku lobadwa la mwana wanga.

Masana makanda akagona
ndimalowa monyang'ama mphindi khumi zilizonse,
maso pachifuwa:
chikwere,
chitsike.
Ndikatero ndilembe nthawi m'buku, ndisaine.
Anzanga amati bukuli lidzandikwatira.

Lachitatu lina belu la moto linalira.
Kunali kungoyeserera, tonse tinkadziwa,
Mayi Doig ataima pabwalo, wotchi m'manja,
mphepo ya kudoko ikuluma makutu.
Ndinawerenga mitu pampanda.
Khumi ndi m'modzi.
Ndinawerenganso, ndikugwira chipewa chilichonse.
Khumi ndi m'modzi.
Kaundula amati khumi ndi awiri.

Moto kunalibe, koma ine ndinaumva utsi.

Kuchimbudzi, zii.
Kuseri kwa mabuku, zii.
Ndinaitana dzina lake mawu akundithawa,
mpaka ndinaona tinsapato tachikasu
titasuzumira pansi pa majekete opachika.
Mirren.
Atadzipinda ngati kamphaka,
zikhatho zili phaa m'makutu,
akudikira kuti phokoso limuiwale.

Ndinamunyamula. Anali wopepuka zedi,
koma miyendo yanga inanjenjemera mpaka pabwalo.

Fomu yake ili ndi mizere isanu ndi umodzi.
Ndinalemba zonse, osadzikometsera:
amene anayenera kuyang'ana pakona pamenepo ndine,
ndinadalira maso a mnzanga,
iyenso anadalira anga.
Mphindi zinayi. Mayi Doig sanakalipe.
Anangotsitsa zopachikira majekete,
n'kundipatsa cholembera kuti tikonze dongosolo.

Madzulo bambo ake anabwera
akununkhira utsi wa nsomba zowamba,
manja ofiira ndi kuzizira.
Akanatha kupita osadziwa kanthu.
Ndinawaimika pakhomo, ndinawauza.
Anakhala chete nthawi yaitali,
akumanga batani la pakhosi pa mwana wawo.
Kenako anati, kunyumba amabisala m'bafa
makina oyamwa fumbi akalira.
Zimenezonso ndinazilemba.

Tsopano belu lisanalire
dzanja la Mirren limakhala kale m'langa,
ndipo pakona paja ndimapendapo kawiri
ngakhale pali khoma lokhalokha.

Makolo akafunsa kuti kwacha bwanji kuno,
nthawi zambiri ndimati, palibe chachitika.
Amagwedeza mutu, amathamangira basi.
Sadziwa kuti "palibe" ameneyo
ndamuwerenga mutu ndi mutu,
ndamudula m'litali,
ndamusainira kasanu ndi kamodzi pa ola.

Ndimazimitsa magetsi, ndimakoka loko kuti ndimve ngati wagwira.
Ndikafika pakona ya msewu
ndimabwereranso kukamukoka.