Wolemba Zikwangwani

Anabwera atatu Lachiwiri m'mawa,
nkhungu isanachoke paphiri la Dedza:
mkulu wa mpingo, mlamu wake wa shehe,
ndi mayi Nankhoma, kabuku ka komiti kali m'khwapa.
Zikwangwani khumi ndi ziwiri, nsalu imodzi yaitali,
zithe pofika Lachisanu.
Mawu anali atalemba kale papepala.
Ine ndinangofunsa: penti yofiira kapena yakuda?

Dzanja langa mukulidziwa.
Ndilo linajambula mutu wa ng'ombe pabutchala ya kumsika,
ndilo linalemba "Zonse Ndi Nthawi"
kumbuyo kwa minibasi yopita ku Lizulu.
Nyengo ya kampeni ndinalembera zipani zitatu
ndi burashi imodzi.
Penti safunsa. Amafunsa ndi mwini nyumba, mwezi ukatha.

Usiku Lufeyo anagwira nsonga ina ya nsalu
kuti isachite makwinya.
Lufeyo, amene pamdadada pano amati msuweni wanga,
amene zaka khumi ndi chimodzi
wakhala akundifunditsira madzi m'chisanu cha Juni
ndi kundichotsa penti m'zikhadabo ndi palafini.
Anawerenga mawuwo chozondoka, ali mbali yake,
nati, "Pa ZONYANSA apa waiwala N."
Tinaseka mpaka kandulo kugwedezeka.
Kenaka zii.
Ndinaikapo N uja.

Lachisanu anadutsa.
Kwaya patsogolo, amayi a mvano m'zoyera zawo,
anyamata a kabaza akuliza mabelu
ngakhale ena sankadziwa kuti kwagwanji.
Chikalata chinkapita kwa bwanamkubwa.
Wachimkuzamawu ankati izi n'zakunja, zogulidwa ndi ndalama za azungu.
Ine zakunja zomwe ndinagwirapo
ndi jekete iyi ya pakaunjika.
Mchombo wanga unakwiriridwa kwa Bembeke,
pafupi ndi munda wa kachewere.

Pawailesi amati maloya akukangana kutali uko
za ndime ina ya lamulo, ili ndi nambala yake.
Sindinaiwerengepo.
Ndimangodziwa kuti ndimeyo imagona pakati pathu
ndipo imadzuka galu akauwa panja.

Ndiye ndinawaona amayi anga,
mzere wachitatu, mpango woyera, mwendo uja ukutsimphina,
atakweza chikwangwani changa pamwamba pa onse.
Anandiona pakhonde, nkhope yawo ngwee,
nakodola mnzawo:
"Mwaona kuwongoka kwa zilembozi?
Walemba ndi mwana wanga!"
Ndinakweza dzanja.
Lufeyo analowa m'nyumba kukayang'ana nyemba
zomwe zinali zitapsa kalekale.

Mayi Nankhoma analipira madzulo,
kuperewera zikwi ziwiri, akuti Mulungu adzaonjezera.
Tinagula makala, sopo, theka la shuga.

Koma matabwa anabweretsa khumi ndi atatu.
Limodzi latsala, loyera, losalembapo kanthu.
Ndaliika kuseri kwa bedi.
Usiku ndimaliyeza ndi chala mumdima,
kuwerenga kuti pangakwane zilembo zingati,
ndi kuti ndani angalinyamule
kuchoka pano mpaka pamsewu.