Sikelo ya Ufa

M'chipinda chochezera kwathu ku Odda
mulibe poponda:
tenti, zikhomo, zingwe, masokosi,
ngati mwadutsa akuba
n'kusintha maganizo ali pakhomo.

Mlongo wanga Eivind watenga sikelo ya ufa kukhitchini.
Chilichonse akuyeza n'kulemba.
Wadula ndi chigwiriro cha mswachi chomwe,
akuti wapulumutsa magalamu asanu ndi anayi,
nkhope ili gwa ngati dokotala.

Bambo ali pampando wa pawindo.
Mawondo awo anakana mapiri zaka zinayi zapitazo.
Maso ali pa mvula imene ikutsika m'matanthwe,
koma khutu lili kuno.

"Malaya athonjewo siya, Torunn.
Thonje likanyowa limagona nawe mpaka m'mawa
osakufunditsa.
Tenga a ubweya wa nkhosa.
Anunkhe, bola ukafike."

Ndasiya.
Ndasiyanso buku lachiwiri, kamtsamiro,
ndi jombo zatsopano zimene ndinagula ku Bergen,
poti sizinadziwane ndi zidendene zanga.
Zakalezi n'zosaoneka bwino,
koma tinakangana kale, matuza anaphulika,
tinamvana.

Masiku asanu ndi limodzi pa Hardangervidda.
Kumeneko kulibe mtengo woti n'kuusapo mvula.
Miyala, ndere, timitsinje tozizira mpaka m'mano,
ndi chipale chimene chimaiwala kuti dzinja linatha.
Nkhungu ikabwera siodira.

Pali milu itatu.
Woyamba ndi wa zimene popanda izo sitibwerako:
thumba logonamo, kamphasa kotchinga chinyontho,
jekete ya mvula, mbaula ya gasi, mpeni.
Wachiwiri ndi wa zotsala.
Wachitatu, wautali kuposa yonse,
dzina lake ndi Mwina.
Mwina kutentha. Mwina tiwedza. Mwina tochi ina ifa.
"Mwinayo ndiye anandithera mawondo," atero bambo,
osacheuka.

Eivind akuti mapu ali m'foni.
"Foni imaopa kuzizira kuposa iwe."
Atulutsa m'thumba mapu apepala,
omatidwa m'mapindo, a madontho a khofi
pamwamba pa nyanja ina yopanda dzina,
ndi kampasi ya chingwe chofiira.
Kenaka wezulo, bandeji,
machesi otsekeredwa m'kabotolo ka mankhwala.
"Wezulo uyu ndamunyamula zaka makumi anayi,
sindinamuimbepo."
Eivind akuti, ndiye wa chiyani?
"Wa tsiku limene sindinakumane nalo."

Chatsala chimodzi pakati pa nyumba:
ketulo yawo yakuda,
yophwanyika mbali imodzi, chivundikiro chomanga ndi waya.
Sikelo yanena zoona: magalamu mazana asanu ndi limodzi.
Kampoto katsopano sikafika ngakhale theka.
Eivind waiika pamulu wa zotsala
pang'onopang'ono, kuti isalire.
Bambo aona mvula kwambiri.

Usiku kuno m'chilimwe sikuda kwenikweni.
Ndatsika kudzamwa madzi
ndipo ndamupeza atagwada m'kuwala kotuwa,
akutulutsa buluku lachiwiri,
akutulutsa chokoleti, kenaka n'kubwezamo theka,
akukulunga kanthu m'juzi
ngati mwana wodwala.
Ndabwerera ndi ludzu langa.

M'mawa bambo avala jombo zawo,
zingwe zomanga mpaka pamwamba,
ulendo wake wongofika pageti.
Anyamula chikwama changa ndi dzanja limodzi,
agwedeza mutu, akokera lamba wa m'chiuno.
"Katundu akhale apa, osati pamapewa."
Anyamula cha Eivind.
M'katimo kanthu kati ngwe.

"Chako chalemera," atero.
"Ndi tenti," ayankha Eivind.
Tenti ili kumsana kwanga.

Basi yaima pamphambano, ikupuma utsi.
Bambo awerama movutika,
atola chikhomo chimodzi chimene chagwa paudzu,
achipukuta pa buluku
n'kundiika m'dzanja.
"Muwerenge zikhomo musananyamuke, m'mawa uliwonse.
Mphepo ya kumtunda imadziwa kuwerenga."