Usanapereke Ndalama, Swaleyi

Wati waliona, Swaleyi,
boti la a Mkwapatira ku Chia,
lobiriwira, dzina lolembedwa dzulodzuloli,
ndipo maso ako akuvina kale.
Ndalama za nzimbe zikukutentha m'thumba,
miyezi isanu ndi iwiri ya chikwanje ku Dwangwa.
Takhala kaye pachidebepo, mlongo wanga.

Penti ndi wabodza.
Ine ndinagulapo penti, boti linali basela.
Ukulidziwa, lija kuseri kwa nyumba
mukugona abakha.

Upite m'mawa, osauza munthu,
pamene anyamata akuchokera ku usipa.
Usathamangire boti, yamba waona wokapa madzi.
Ngati chigubu chake chaperepeseka m'milomo,
ngati akutsika atagwira msana
anzake akuseka,
wamva zonse.

Ndiye alikokere pamchenga, alitembenuze.
Akayamba zoti n'lolemera, zoti mawa,
lemba anyamata anayi, zikwi ziwiri sizikupha.
Tenga sikuludiraiva yangayi.
Baya thabwa lapansi, pafupi ndi msana wa boti.
Ikalowa ngati m'papaya wakupsa, bwerako.
Gogoda ndi mwala.
Mlombwa umayankha kuti go! go!
molimba ngati munthu wopanda ngongole.
Paini wovunda amangoti bu,
kuyankhula kwa m'mimba.

Werenga nthiti, imodziimodzi, ndi chala.
Yothyoka amaiphatika kathabwa n'kuimata.
Msomali ukamalira misozi yofiira pathabwa
dziwa dzimbiri linadya kale mkati.
Phula likaunjikana malo amodzi
ndi nsanza yomanga pabala.
Funsa za balalo.

Tsono injini. Apa m'pamene anandidyera ine.
Igwire asanailize.
Ikakhala yofunda, anadzuka nayo m'bandakucha
kuinyengerera ngati mwana wodwala.
Koka chingwe wekha, ili yozizira.
Kamodzi, kawiri, katatu.
Ukafika kachisanu ndi chiwiri thukuta lili kamukamu,
ndi mmene uzikhalira masiku onse.
Ona ngati ikukodza kumbuyo,
yosakodza imapsa uli pakati pa madzi.
Masula oyilo wa kumwendo:
akatuluka ngati tiyi wamkaka, madzi analowamo.
Nambala ikhale yosapalidwa.
Ya mwamuna wa Asiyatu inali yakuba,
apolisi ananyamula injini,
iye anatsala ndi kachingwe m'manja.

Kenako likwereni,
osati m'Chia muno madzi ogona ngati m'beseni.
Mudutse kunsi kwa mlatho, mutuluke kunja
tsiku loti mwera ukutsokomola pang'ono.
Mwini wake akwere nawo.
Akati mwendo ukuwawa, akwere m'bale wake,
m'bale wakeyo akatinso mwendo,
usafunsenso.
Vula nsapato, ponda pansi.
Phazi limamva madzi maso asanawaone.

Chifukwa chogulitsira usafunse iwo.
Funsa amayi a zitumbuwa padoko,
gula ziwiri, udye pang'onopang'ono.
Boti lina lili ndi eni atatu,
wachinayi ndi banki m'khonde.
Lina linabwerako lokha tsiku lina
ndipo palibe mnyamata wa pano angalikwere.
Ulipalasa ndi yani?

Ndalama uperekere pamaso pa komiti ya padoko.
Pepala, mboni ziwiri, nambala ya injini ilembedwe,
nkhafi zingati, nangula alipo kapena ayi.
Za pakamwa zimauma msanga kuposa usipa pathandala.
Usakhuthule thumba lonse.
Boti logwirapo ntchito limabwera ndi njala yake:
misomali, phula, pulagi, petulo wa sabata yoyamba
nsomba zisanakudziwe dzina.

Likakhala labwino, chifukwa abwino aliponso,
a Mkwapatira si mbava, angokalamba,
usaseke.
Nkhope ikhale ngati wamwa mankhwala a malungo.
Tchula theka, yang'ana kumsewu ngati minibasi ikukusiya.
Udzasekere kuno, chitseko chotseka.

Pita tsopano.
Sikuludiraivayo ibwerenso,
osati ngati tochi ija.