Koloshi ya Nachisale

Geti ndatseka, galu wagona,
magetsi a ku Avondale azima monga mwa nthawi zonse.
Ndakhala pa chitini cha penti,
tochi ndaluma kukamwa,
chibonga chili pansi, chikuzizidwa chokha.
M'thumba la jasi la kampani
muli koloshi ya Nachisale.

Anaisiya yobaya pa mzere wosatha,
kashawelo kachikasu, theka lokha,
m'jumbo pansi pa bedi kwathu ku Mabvuku.
Tinamuika m'Febuluwale, mvula ikukhuthuka.
Ndinakapeza mu Meyi, ndikufuna nsapato.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkangoona
dzanja lake likujompha ngati nkhuku pamadeya,
osafunsa n'komwe kuti ulusi umalowera pati.
Madoilo pa wailesi, pa mipando, pa kabati,
ngakhale ketulo anaiveka chipewa.
Ndinkati, mai, tsiku lina mudzatilukira ndi chitseko chomwe.
Iye duu, milomo yokha ikuwerenga.

Anandigwira zala ndi amake Rumbi a khomo loyandikana.
Anayamba aseka mpaka kutsamira mpanda,
kenaka anapukuta misozi, nati m'Chishona chawo,
Sekuru, musakoke ngati mukumanga mbuzi,
ulusi umafuna kunyengerera.
Zala zangazi, zodyeka ndi simenti ya kufakitale,
zinaluka chinthu chonga chisa cha khoswe.
Ndinamasula. Ndinalukanso.
Ndinamasula.

Ulusi wake utatha
ndinakwera kombi mpaka ku Mbare
kukafukula m'milu ya kaunjika
juzi lofanana mtundu.
Silinapezeke.
Limene ndinagula ndi dola imodzi
chikasu chake n'cha dzungu, pomwe iye anasankha cha dzira.
Ndinalimasula usiku wathunthu,
ulusi uli wopotanapotana,
ukukumbukabe chifuwa cha mwini wake.

Zitatu, kolowola, ziwiri, dumpha.
Zitatu, kolowola.
Chisanu cha Julaye chimalowera m'zikhadabo,
koma wowerenga sagona,
ndipo mlonda wosagona ndiye amamufuna abwana.

Zhuwawo wa geti la kutsidya kwa msewu
anandiunika ndi tochi usiku wina,
nafuula mpaka agalu onse kuuwa:
Achimwene, mwalowa liti Mvano?
Ndinangoti choka apo.
Sabata yatha wabwera chozemba, manja m'khwapa,
maso ali kumitengo ya jakaranda:
kachipewa kakuda kangatheke?
Mutu wanga ndi waukulutu.

Adikire.
Tiyanjane akuyembekezera, mwezi wake ndi wamawa,
ndipo sakudziwa kanthu.
Akuganiza kuti kashawelo kanapita ndi zovala
zimene anagawana azakhali ake pa tsiku la sadaka.

Pomwe panalekezera dzanja la amake pakuoneka,
sipafuna magalasi.
Mizere yawo njowongoka ngati ya wolima ndi chingwe,
yanga ikudzandira ngati wochokera ku bala.
Amake Rumbi akuti tisokerepo kaduwa, pabisike.
Ndakana.
Mwana adzafunde zonse,
mbali ya agogo amene sadzawaona
ndi mbali ya agogo amene anaphunzira mochedwa.

Pa mzere wachisanu ndi chiwiri kuchokera m'mphepete
pali tsitsi limodzi la imvi,
lolukidwa pamodzi ndi ulusi.
Si langa. Langa linatha kalekale.
Ndikafika pamenepo ndimachotsa tochi kukamwa,
ndimaligusa ndi chala chachikulu,
kenaka ndimayang'ana geti
ngati pali wina wagogoda.

Kombi yoyamba yaliza hutala ku mashopu.
Mbandakucha wafika, mame ali pa nsapato.
Ndasokoneza chiwerengero, Nachisale,
zinali zitatu kapena zinayi?
Usandiseke.
Ndibwerera pomwe ndalakwitsa,
ndikoke pang'onopang'ono,
ulusi usaduke.