Mbiri Yanga Ili M'makolala

Mtsikana wa ku banki uja, wa zikhadabo zofiira,
anatembenuza kompyuta kuti nane ndione.
"Bambo Namaona, simukupezeka."
Ndinadzigwira pachifuwa. Ndinalipo.

Akuti ndilibe mbiri.
Akuti poti sindinakongolepo pena paliponse
sangadziwe ngati ndimabweza.
Zaka khumi ndi zinayi ndikupalasa makina
pakhonde la sitolo ku Mpondabwino,
osasowetsa ngakhale singano ya munthu,
lero kusakongolako ndiye mlandu.

Kalata ya malipiro andilembere ndani?
Bwana ndine, wantchito ndine,
wosesa ulusi madzulo ndine ndemwe.
Chikole? Nyumba ndi ya lendi ku Chikanda.
Makina anga anawaona pachithunzi cha m'foni
n'kuseka mwaulemu, kukamwa atatseka.

Chonsecho m'thumba muli pepala la aphunzitsi aakulu:
mayunifolomu makumi asanu ndi atatu
sukulu isanatsegulire.
Nsalu ya buluu ili m'sitolo, mipukutu itatu,
ndimaidutsa ngati galu podutsa pa butchala.

Ndinatsika ndi msewu wa kumsika
phiri litafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
Pa depoti Che Likagwa anandikodola.
Amene uja safunsa mbiri, amafunsa pomwe umagona.
Katapila wake ndi wa masabata awiri,
utenga zikwi zana, ubweza zana ndi theka.
Ndinakumbukira Wisikesi wokonza njinga,
momwe anamulandira masipanala ndi pampu
dzuwa likuswa mtengo, ana ake akuonerera.
Ndinati ndibweranso.
Tonse awiri tinadziwa kuti ndanama.

Ya pafoni ndinayesa usiku, mkazi wanga atagona:
yokwana mabatani ndi zipi zisanu.
Ku Sako anandipatsa mpando ndi madzi akumwa,
akuti yambani mwasunga miyezi isanu ndi umodzi.
Mawu abwino,
koma belu la sukulu siliwerenga miyezi ya telala.

Anandinong'oneza ndi Abiti Ndembo wa usipa
ndikumusokera thumba la epuloni:
"Lachinayi, kuseri kwa chigayo, musachedwe, pali faindi."

Banki m'khonde.
Amayi khumi ndi asanu ndi awiri, abambo awiri,
bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu osiyana,
kope la masamu lothimbirira ndi thukuta.
Kalata sanafunse. Anafunsana okhaokha
ine nditakhala pa njerwa, chipewa pabondo.

Wina anati, diresi la ukwati wa mwana wanga anasoka ndi awa,
anachedwa masiku awiri koma anabwera okha kudzapepesa.
Wina anati, chenji changa anandisungira mwezi wathunthu
m'kabotolo ka mapini.
Wa magalasi, osadzutsa mutu, anati, koma amamwa?
Kunali zii.
Ndinati, pa Khirisimasi pokha, mayi.
Msungichuma anaseka mpaka cholembera chinagwa.

Kani mbiri inalipo,
imangoyenda m'tauni muno osandiuza,
m'makolala a ana a ku Sadzi,
m'mipendero ya masiketi a kwaya,
m'zigamba za mathalauza a akabaza
zomwe sizinasosokepo pokwera chitunda cha Chinamwali.

Sanandipatse zonse.
Ya mipukutu iwiri basi,
chiwongoladzanja makumi awiri pa zana,
Abiti Ndembo atadinda chala pambali pa dzina langa.
"Mukathawa, usipa wanga ndiwo ulipire," anatero,
osaseka.

Usiku uno magetsi azimanso.
Ndikudula nsalu pa kandulo, choko kukhutu,
ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi
akadalibe poti ndiwadulire,
za iwowo ndiganiza mawa.

Koma Lachinayi lililonse dzina langa lizilowa m'kope,
tsiku, ndalama, chala.
Likadzadzaza tsamba ndidzabwereka kopelo,
ndidzasita malaya,
ndidzakwera nalo masitepe a ku banki
n'kumuuza wa zikhadabo zofiira uja:
taonaninso, mwana wanga,
kapena tsopano ndikupezeka.